Ayambe Kulankhula Ndani? Za Bootloader pa Kompyuta ya Masisitemu Angapo

Munthu akadina batani loyatsira kompyuta, pamadutsa masekondi angapo Windows kapena Linux isanaoneke pa sikirini. Ambiri timangodikira osaganiza kanthu. Komatu m'masekondi amenewa mumachitika ntchito yoti ikalephereka, kompyuta yonse imasanduka bokosi lopanda pake ngakhale mafayilo onse akhale ali bwinobwino m'kati. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa bootloader. Pa kompyuta ya sisitemu imodzi kapulogalamuka sikaoneka n'komwe. Kamayamba kuoneka, ndiponso kuvuta, munthu akaika masisitemu awiri kapena atatu pa makina amodzi. M'nkhani ino ndifotokoza mmene bootloader imagwirira ntchito ndi mmene munthu angaisamalire. Ndionetsanso kuti mavuto ake ambiri agona pa mafunso awiri amene ife ophunzira chiyankhulo tinawazolowera kale: ayambe kulankhula ndani, ndipo chinthu chikutchulidwacho dzina lake n'chiyani?

Ndikati sisitemu ndikutanthauza pulogalamu yaikulu imene imalamulira makina onse, monga Windows, macOS, kapena mitundu ya Linux ngati Ubuntu, Fedora ndi Linux Mint. Wina angafunse kuti munthu wamba aikirenji masisitemu awiri. Zifukwa zilipo. Wophunzira amene akusonkhanitsa mawu a chiyankhulo chakwawo mwina akugwiritsa ntchito Toolbox ya bungwe la SIL, yomwe inapangidwira Windows. Koma akafuna kudziwa kuti tsinde la mneni wakutiwakuti lapezeka kangati m'mafayilo mazanamazana, zida za mu Linux monga grep ndi sed zimamupeputsira ntchito. Chifukwa china n'chakuti pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10, ndipo malaputopu ambiri akale, ngati amene ophunzirafe timagula atagwiritsidwa kale ntchito, sakwaniritsa zimene Windows 11 imafuna. Mwini makina otere amasunga Windows yakeyo chifukwa cha pulogalamu imodzi kapena ziwiri, n'kuika Linux pambali yogwirira ntchito za pa intaneti. Choopsa chimabwera tsiku limene kompyuta yakana kuyamba. Munthu amathamangira kwa okonza, ndipo mankhwala achidule amene ena amapereka ndi kufufuta disiki yonse n'kuyambiranso. Kafukufuku wa chaka chomaliza amapita motero, pamene chinaonongeka ndi mabayiti osakwana 500.

Liwu lakuti boot m'Chingerezi ndi jombo. Linafika ku makompyuta kudzera m'liwu lalitali lakuti bootstrap, lomwe ndi kalamba kosokerera kumtunda kwa jombo, kogwira povala. Eni chiyankhulo ankaseka nalo munthu woyesa zosatheka, wofuna kudzinyamula yekha pokoka timalamba ta nsapato zimene wavala. Akatswiri a makompyuta a m'zaka za m'ma 1950 anaona kuti vuto lawo ndi lomwelo. Kuti makina awerenge pulogalamu kuchokera pamene yasungidwa, pafunika pulogalamu ina yowauza kawerengedwe kake, nanga iyoyo awerenge ndani? Yankho linali lakuti payambe kapulogalamu kochepetsetsa, kameneko kakadzutse kokulirapo, kokulirapoko kakadzutse sisitemu yonse. Ife liwuli tinalibwereka kale n'kuliveka zovala zathu. Mumva anyamata okonza makompyuta akuti "sikubuta" kapena "ibutitseni ndi fulashi", msintho wa mneni uli m'malo mwake ngati ndi liwu la makolo. Kubwerekaku kwatithandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri, chifukwa kompyuta itha kuyaka koma osabuta.

Mpando umodzi

Njira yakale yobutira inabwera ndi IBM PC ya 1981. Pa bolodi la makina pali kachipangizo kosunga pulogalamu yotchedwa BIOS, imene sifufutika magetsi akazima. Makina akayaka, BIOS imayendera memore, kiyibodi ndi zina, kenaka n'kupita ku disiki imene yaikidwa patsogolo. BIOS sidziwa kuti fayilo n'chiyani. Imangotenga sekita yoyamba yeniyeni ya disikiyo, mabayiti 512, n'kuiika mu memore, n'kuona ngati mabayiti awiri omaliza ndi 55 ndi AA. Ikapeza chizindikiro chimenechi imapereka ulamuliro ku zimene yawerengazo.

Sekita imeneyi imatchedwa MBR, ndipo kakonzedwe kake kanayamba ndi PC DOS 2.0 mu 1983. Mwa mabayiti 512 aja, awiri apita ku chizindikiro. Ena 64 ndi kaundula wa zigawo za disiki, mizere inayi ya mabayiti 16, n'chifukwa chake disiki yotere siloledwa zigawo zazikulu zoposa zinayi. Otsala ndi 446, ndipo m'menemo ndi momwe mumakhala mawu oyamba a bootloader. Tikati bayiti imodzi ndi chilembo chimodzi, malowa sangakwane mawu 80 a Chichewa. Palibe pulogalamu yanzeru ingakwane pamenepo. Imene ilipoyo ntchito yake ndi kungoloza kwina. Ya Windows imafunafuna chigawo chimene chaikidwa chizindikiro choti ndicho chobutira, n'kuwerenga sekita yoyamba ya chigawocho. Sekita imeneyo imadzutsa NTLDR ngati ndi Windows XP ndi anzake akale, kapena BOOTMGR kuyambira pa Windows Vista, yomwe inafika kwa anthu onse mu Januwale 2007.

Tsono disiki iliyonse ili ndi MBR imodzi yokha, ndipo sisitemu iliyonse ikamaikidwa imafuna kulembapo zake. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Amene walemba pomaliza ndiye amalira. Windows ikamaikidwa imalemba zake mosafunsa, ndipo menyu yake sitchula Linux ngakhale Linux ikhale pa chigawo choyandikana nacho. Linux sinafufutike, koma palibe woiitana. Pulogalamu yoikira Linux imachita mosiyana: imayendera zigawo zonse, ikapeza Windows n'kuilemba pa menyu. Apa ndi pamene panachokera lamulo limene aliyense woika masisitemu awiri amaphunzira msanga, lakuti Windows iyambe, Linux itsirize, ndipo ngati ma Windows ali awiri, wakale ayambe.

Bootloader yoyamba kutchuka ku Linux inali LILO, imene Werner Almesberger anayamba kulemba mu 1992. LILO sinkadziwa kuwerenga mafayilo pa nthawi yobuta. Inkasunga mndandanda wa manambala a masekita momwe munali kernel, kutanthauza mtima wa sisitemu. Munthu akasintha kernel n'kuiwala kuyendetsanso lamulo la lilo, mndandandawo unkaloza malo akale. Chimandisangalatsa pa LILO ndi mmene inkafotokozera matenda ake. Inkalemba dzina lake pa sikirini chilembo chimodzichimodzi, chilichonse chikuimira sitepe imene yafikapo. Ikaima pa L, wokonza ankadziwa kuti gawo loyamba layamba koma lachiwiri silinawerengeke. Ikaima pa LI, lachiwiri lawerengeka koma lalephera kuyamba. Dzina losamaliza kutchulidwa ndilo linali uthenga wonse. Ntchito yokonza LILO inatha mu Disembala 2015.

Inalowa m'malo ndi GRUB. Erich Boleyn anaiyamba mu 1995, ndipo mu 1999 inakhala pulogalamu ya GNU, Gordon Matzigkeit ndi Yoshinori Okuji atatengapo mbali yaikulu. Mphamvu yake ndi yakuti imadziwa kuwerenga mafayilo, choncho imafunafuna kernel potchula dzina lake osati nambala ya sekita. Ya masiku ano, GRUB 2, imadzigawa patatu pa disiki ya MBR. Kachidutswa koyamba kamakhala mu MBR. Kachiwiri, core.img, kamabisala m'mpata wopanda mwini pakati pa MBR ndi chigawo choyamba. Pa madisiki akale chigawo choyamba chinkayambira pa sekita 63, ndiye mpatawo unali wa masekita 62 okha, koma masiku ano chimayambira pa sekita 2048. Zotsala zonse, pamodzi ndi menyu, zimakhala mu foda ya /boot/grub m'chigawo cha Linux. Mukasankha Windows pa menyu, GRUB siyesa kudzutsa Windows yokha. Imangowerenga sekita yoyamba ya chigawo cha Windows n'kuipatsira ulamuliro, monga mmene wotsogolera mwambo amaperekera mpata kwa wolankhula wina iye n'kukakhala pansi. Mu GRUB lamulo lochitira izi ndi chainloader +1.

Chinthu chimodzi, mayina anayi

Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo. Titenge chigawo choyamba cha disiki yoyamba. Linux imachitcha /dev/sda1. GRUB yakale, yomwe inathera pa 0.97 mu 2005, inkachitcha (hd0,0), chifukwa inkawerenga madisiki ndi zigawo zomwe kuyambira pa ziro. GRUB 2 inasintha theka la lamuloli. Madisiki amayambabe pa ziro koma zigawo zimayamba pa 1, choncho chigawo chomwe chija ndi (hd0,1), kapena (hd0,msdos1) polemba mokwanira. Fayilo ya boot.ini ya Windows XP inkachitcha multi(0)disk(0)rdisk(0)partition(1). Wogwiritsa ntchito Windows amachidziwa ngati C:, chifukwa A: ndi B: anali atatengedwa kale ndi madisiki a fulope. Ubuntu itasamukira ku GRUB 2 mu Okutobala 2009, anthu amene anazolowera kawerengedwe kakale ankaphonya ndi chigawo chimodzi, pamene dzina analemba likuoneka lolondola. Ndi ngati liwu limodzi lokhala ndi matanthauzo osiyana m'ziyankhulo ziwiri zapachibale. Liwu lachilendo kotheratu limakuchenjeza lokha, koma lofanana ndi lako limakunyenga.

Vuto lalikulu kuposa kuchuluka kwa mayina n'lakuti ambiri mwa iwo si mayina enieni. Galamala yathu imasiyanitsa dzina lamwinimwini, monga Zomba, ndi mawu oloza, monga pano, apo, uko, kapena kwathu. Zomba ndi Zomba kaya wolankhula ali kuti. Koma "kwathu" amasintha malinga ndi amene watsegula pakamwa. Dzina lakuti C: ndi la mtundu wachiwiriwu. Pa kompyuta ya ma Windows awiri amakono, kawirikawiri iliyonse ikabuta imatcha chigawo chake C: n'kupatsa inzakeyo chilembo china. Mukabuta ndi fulashi yokonzera, chigawo chimene mumachidziwa ngati C: chitha kuoneka ngati D:. Nalonso dzina la /dev/sda silitanthauza disiki inayake. Limatanthauza disiki imene kernel yayamba kuiona lero. Mukalumikiza disiki ina, kapena mukasiya fulashi pa makina poyatsa, wa dzulo sda atha kudzuka ali sdb. Ndipo hd0 ya GRUB ndi disiki imene BIOS yaiika patsogolo, yomwe mwina si imene Linux ikuitcha sda. Ngakhale zilembo zenizenizo zasinthapo. Madisiki a IDE ankatchedwa hda, koma cha mu 2007 mitundu ingapo ya Linux, monga Fedora 7, inayamba kuwatcha sda, ndipo mafayilo amene munalembedwa hda anasanduka makalata opita ku mudzi wosamuka. Madisiki a NVMe abweretsanso kalembedwe kawo, /dev/nvme0n1p1.

Mankhwala anali kupatsa chigawo chilichonse dzina lamwinimwini. Dzinali ndi UUID, ndipo pa chigawo cha ext4 limakhala ndi zilembo ndi manambala 32, m'magulu asanu olekanitsidwa ndi timizere. Limalembedwa m'kati mwa chigawocho pa nthawi yofomata, choncho limayenda nacho kulikonse. Lamulo la blkid limaonetsa mayina onsewa. Masiku ano grub.cfg ndi /etc/fstab zimatchula zigawo ndi UUID, ndipo mavuto ambiri akale anatha.

Komabe dzina lamwinimwini nalonso lili ndi misampha yake. Mukafomatanso chigawo, chimalandira UUID yatsopano. Chitsanzo chodziwika ndi cha munthu amene ali ndi Linux imodzi n'kuika yachiwiri, zonse zikugawana chigawo chimodzi cha swap, chomwe ndi malo a pa disiki othandizira memore ikadzaza. Pulogalamu yoikira ikafomatanso swap, Linux yoyamba ija imatsala ikuitana dzina la malemu. Pobuta imaima mphindi imodzi ndi theka kudikira chigawo chomwe kulibe. Kukonza kwake ndi kungolemba UUID yatsopano mu /etc/fstab. Msampha wina ndi wa kukopera disiki yonse ku disiki ina, pakuti UUID nayo imakopedwa. Madisiki onse awiri akalumikizidwa pa makina amodzi, m'mudzi mumakhala anthu awiri a dzina limodzi, ndipo sizidziwika kuti avomera ndani.

Ngakhale menyu ya GRUB ili ndi nkhani yomweyi. Mu fayilo ya /etc/default/grub muli mzere wa GRUB_DEFAULT, wonena sisitemu yoti ibute munthu akapanda kusankha. Mukalemba nambala, kumbukirani kuti kuwerenga kumayamba pa ziro, ndiponso kuti nambalayo ikuloza malo pa menyu osati sisitemu. Menyu ikatalika ndi mzere umodzi pamwamba, nambala yomweyo iloza china. Ine ndimaona kuti kulemba GRUB_DEFAULT=saved pamodzi ndi GRUB_SAVEDEFAULT=true n'kwabwino, chifukwa makina amabwerera ku sisitemu imene munasankha komaliza. Izi zimathandiza pamene Windows ikudzizima n'kudziyatsa kangapo poika zosintha zake, inu mulibe pafupi. Mukasintha fayiloyi muyendetse update-grub, kapena grub2-mkconfig ngati muli pa Fedora. Fayilo ya grub.cfg siyenera kulembedwa pamanja, chifukwa imalembedwanso yonse nthawi iliyonse kernel yatsopano ikabwera.

Mipando yambiri, kaundula mmodzi

Makompyuta amene akugulitsidwa masiku ano sagwiritsanso ntchito BIOS yakale. M'malo mwake muli UEFI, imene inachokera ku ntchito ya kampani ya Intel ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2005 makampani angapo anapanga bungwe loyang'anira muyezowu, ndipo unafala kwambiri pa makompyuta wamba Windows 8 itatuluka mu 2012. UEFI imayendera limodzi ndi kaundula watsopano wa zigawo, GPT, amene mwachizolowezi amalola zigawo 128 ndipo alibe malire a materabayiti awiri amene MBR ili nawo.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti UEFI imadziwa kuwerenga mafayilo. Pa disiki pamakhala chigawo chaching'ono chotchedwa ESP, chofomatidwa mwa FAT32, ndipo bootloader iliyonse imakhala m'menemo ngati fayilo wamba mu foda yakeyake. Ya Windows ndi \EFI\Microsoft\Boot\bootmgfw.efi. Ya Ubuntu ili mu \EFI\ubuntu, ya Fedora mu \EFI\fedora. Khola lakula, ndipo tambala aliyense ali ndi chipinda chake. Funso loti ayambe ndani silinathe ayi, langosamukira ku bolodi la makina. Kumeneko kuli kamemore kosafufutika kosunga mndandanda wa mayina onga Boot0000 ndi Boot0001, lililonse likuloza fayilo ina mu ESP, ndiponso mzere wa BootOrder wonena dongosolo lowayesera. Sisitemu iliyonse ili ndi mphamvu yosintha dongosololi. Choncho munthu akaona kuti menyu ya GRUB yasowa ndipo Windows ikungobuta yokha, kawirikawiri palibe chafufutika. Windows yangokwera pamwamba pa mndandanda. Atha kudina batani la menyu yobutira makina akangoyaka, lomwe ndi F12 pa ma Dell ndi ma Lenovo ambiri ndipo F9 pa ma HP, n'kusankha Linux. Akalowa, lamulo la efibootmgr limaonetsa mndandandawo, ndipo efibootmgr -o limaukonza.

Popeza mndandandawu uli pa bolodi osati pa disiki, disiki ikasamutsidwira ku makina ena imafika kwa anthu osaidziwa. Opanga muyezo anaganizira zimenezi ndipo anaika dzina limodzi limene UEFI imayesa ikasowa kolowera, \EFI\BOOT\BOOTX64.EFI. Fulashi yoikira sisitemu imabuta pa makina alionse chifukwa cha dzina limeneli. Koma poti pa ESP iliyonse dzinali ndi limodzi, mpando umodzi wakale uja wabweranso mwa njira ina. Mayina a mafoda nawonso amawombana. Linux Mint inamangidwa pa Ubuntu ndipo imagwiritsa ntchito foda yomweyo ya \EFI\ubuntu. Mukaika ziwirizi pa ESP imodzi, yobwera pambuyo imalemba pamwamba pa inzake.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuona musanaike sisitemu yachiwiri. Makina ambiri a m'zaka za m'ma 2010 amatha kubuta mwa njira zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano. Ngati Windows inaikidwa mwa UEFI, inu n'kubuta fulashi ya Linux mwa njira yakale, mudzakhala ndi masisitemu awiri osamvana. GRUB yobuta mwa BIOS singapatsire ulamuliro Windows ya UEFI, ndipo ya UEFI singadzutse Windows ya BIOS. Mu Windows, pulogalamu ya msinfo32 imanena njira imene makina abutira. Mu Linux, ngati foda ya /sys/firmware/efi ilipo ndiye kuti mwabuta mwa UEFI.

UEFI inabweranso ndi Secure Boot, lamulo loti makina asadzutse bootloader yopanda siginecha yodziwika. Makiyi amene amabwera m'makompyuta ambiri ndi a Microsoft. Pofuna kuti Linux isatsekeredwe kunja, Matthew Garrett analemba kapulogalamu kotchedwa shim mu 2012. Microsoft imasainira shim, shim imatsimikizira GRUB, ndipo GRUB imadzutsa kernel yosainidwa. Unyolowu umagwira ntchito, koma mphete iliyonse ili m'manja mwa eni ake osiyana. Mu Julayi 2020 akatswiri a kampani ya Eclypsium analengeza chibowo cha chitetezo mu GRUB chimene anachitcha BootHole, ndipo panafunika njira yoletsera ma bootloader akale. Mu Ogasiti 2024 Microsoft inatumiza zosintha zoletsa ma shim akale. Inanena kuti zosinthazi sizikhudza makina a masisitemu awiri, koma njira yozindikirira makina otere inaphonya ena, ndipo eni ake anadzuka Linux ikukana kubuta ndi uthenga wonena za SBAT. Mafayilo awo anali bwinobwino. Ambiri anadutsa pozima Secure Boot kwa kanthawi n'kuika shim yatsopano. Chakudza sichiimba ng'oma, choncho Linux imene munaisiya miyezi yambiri osaitsegula muziitsegulako kuti ilandire zosintha.

Kasamalidwe kake

Maganizo anga ndi akuti menyu ikhale ndi mwini mmodzi. Pa makina a ma Linux awiri kapena atatu, iliyonse imafuna kuikanso GRUB yake ikalandira zosintha, ndipo menyu imasinthasintha maonekedwe. Sankhani imodzi imene simudzaichotsa msanga, GRUB yake ikhale patsogolo, ndipo kernel ikasintha mwa zinazo mubwerere kwa mwini menyu kukayendetsa update-grub. Ntchito yofufuza masisitemu ena imagwiridwa ndi kapulogalamu ka os-prober. Kuyambira pa GRUB 2.06 ya mu Juni 2021 eni GRUB anakazimiratu pa zifukwa za chitetezo, ndipo mitundu ya Linux imasiyana pa nkhani yokayatsanso. Windows ikasowa pa menyu, onjezani mzere wa GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub. Amene safuna GRUB ali ndi kosankha. Pali rEFInd ya Roderick Smith, ya mu 2012, imene imafufuza yokha ma bootloader nthawi iliyonse makina akayaka, ndiponso systemd-boot, yopepuka koma ya UEFI yokha. Ngati makina ali ndi malo a madisiki awiri, njira yamtendere kuposa zonse ndi kupatsa sisitemu iliyonse disiki yake ndi ESP yake, n'kumasankha ndi batani la pa makina.

Zinthu zitatu za ku Windows zimasokoneza anthu ngakhale bootloader ili bwino. Choyamba ndi Fast Startup, imene inayamba ndi Windows 8. Mukazima makina, Windows sizimiratu koma imagona tulo tatheka, chigawo chake n'kutsala chosatsekedwa bwino. Linux ikachipeza motero imakana kulembamo, ndipo imachita bwino kukana, pakuti kulembamo kutha kuononga mafayilo. Zimani Fast Startup. Chachiwiri ndi wotchi. Windows imaona wotchi ya pa bolodi ngati nthawi yakwanuko, pamene Linux imaiona ngati nthawi ya UTC n'kuonjezerapo kusiyana kwa dera. Ku Malawi kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye mukachoka mu Linux n'kulowa mu Windows mupeza wotchi yatsalira maola awiri. Lamulo la timedatectl set-local-rtc 1 limagwirizanitsa Linux ndi Windows, kapena mutha kuuza Windows kuti itsate UTC kudzera mu RealTimeIsUniversal. Chachitatu ndicho choopsa. Malaputopu ambiri atsopano amabwera disiki yake itatsekedwa ndi BitLocker, mwini wake osadziwa. BitLocker imayang'ana ngati njira yobutira yasintha, ndipo ikaona kusintha, monga kuzimidwa kwa Secure Boot, imafuna kiyi ya manambala 48. Popanda kiyi imeneyi palibe wokonza angatsegule mafayilo. Ipezeni n'kuilemba pa pepala musanakhudze kanthu, ndipo mafayilo a kafukufuku akhale atakopedwa kale kwina.

Zikavuta, fulashi ya Linux yobuta payokha ndiyo chida choyamba. Imakulolani kuona kuti mafayilo alipo, kuwakopa, kenaka n'kukonza. Pa disiki ya MBR mumalumikiza chigawo cha Linux, n'kulowamo ndi chroot, n'kuyendetsa grub-install /dev/sda. Onetsetsani kuti mwatchula disiki yonse osati chigawo, sda osati sda1, ndipo poti sda ndi liwu loloza, yambani mwatsimikiza ndi lsblk kuti lero likuloza disiki iti. Batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi akazima ntchitoyi ili pakati mutsala ndi bootloader yatheka. Ngati sikirini yaima pa grub rescue, ndiye kuti zidutswa ziwiri zoyamba zija zadzuka koma sizikupeza /boot/grub. Lamulo la ls limaonetsa zigawo mwa mayina a GRUB. Mukapeza cholondola mumalemba, mwachitsanzo, set prefix=(hd0,msdos5)/boot/grub, kenaka insmod normal, kenaka normal, ndipo menyu imabwerera kwa ulendo umenewo wokha mpaka mutakonza kwenikweni.

Uthenga wa grub rescue umaoneka kawirikawiri kwa munthu amene watopa ndi Linux n'kufufuta chigawo chake ali mu Windows. Wachotsa nyumba imene munali menyu koma wasiya mu MBR kachidutswa kolozako. Dongosolo loyenera ndi lotembenuza. Pa makina a BIOS, yambani mwabwezera Windows mpando wake pobuta ndi fulashi ya Windows n'kuyendetsa bootrec /fixmbr, muone kuti ikubuta yokha, kenaka mufufute chigawo cha Linux. Pa makina a UEFI, kwezani Windows Boot Manager pamwamba pa BootOrder, ndipo ngati mafayilo ake mu ESP aonongeka, bcdboot C:\Windows imawabwezera, bola mutsimikize kuti C: ndi chigawo cholondola. Dzina la Linux lotsala pa mndandanda limachotsedwa ndi efibootmgr -b, kutsatira nambala yake, n'kumaliza ndi -B. Foda yake mu ESP muichotsenso, koma foda yokhayo. ESP yonse musaikhudze, chifukwa bootmgfw.efi ya Windows ili momwemo.